Momwe Mungalembere Mbiri ya Moyo wa Agogo Anu Popanda Kutaya Zodabwitsa Zake

Muno mu Zomba muli owerenga amene amakonda mitundu iwiri ya mabuku imene poyamba imaoneka ngati yosagwirizana. Mtundu woyamba ndi wa mabuku amene munthu amalemba yekha za moyo wake, kufotokoza kumene anabadwira, amene anamulera ndiponso mavuto amene anapyolamo. Mtundu wachiwiri ndi wa nkhani zopeka za maiko amene kulibe, momwe muli zinjoka zouluka, mafumu amatsenga ndi ana amasiye amene amapulumutsa mtundu wonse. Ngati inu muli m'gulu la owerenga otere, amene amasakasaka mabuku a kaunjika ndi kubwerekana mpaka chikuto kuthothoka, ndikufuna kuti chidwi chanucho muchigwiritse ntchito polemba buku limene palibe wina angalilembe, ndilo mbiri ya moyo wa munthu wachikulire wa m'banja mwanu. Kukonda kwanu mitundu yonse iwiri kudzakuthandizani kwambiri, chifukwa nkhani za akuluakulu athu zimabwera zitaphatikizana, zaka ndi mayina enieni pamodzi ndi Napolo, maloto ndi mizimu, ndipo wolemba ayenera kudziwa kusamala zonsezo.

Mzinda wathu unalowa kale m'mabuku a mbiri za anthu, koma makamaka kudzera mwa anthu ophunzira amene anazunzika pa ndale. A Jack Mapanje, amene ankaphunzitsa ku Chancellor College, anamangidwa mu 1987 n'kusungidwa kundende ya Mikuyu mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu, ndipo pambuyo pake analemba za zaka zimenezo. Mayi Vera Chirwa nawonso analemba za moyo wawo, kuphatikizapo zaka zimene iwo ndi amuna awo a Orton Chirwa anakhala m'ndende ya Zomba, momwe a Orton anamwalirira mu 1992. Mabuku amenewa ndi amtengo wapatali, koma ali m'Chingerezi ndipo akusimba za anthu odziwika. Mayi amene wakhala akugulitsa matemba ku Kachulu kuyambira utsikana wake, bambo amene anakumba golide ku Joni n'kubwera ndi njinga ndi chifuwa chosatha, kapena mphunzitsi amene anaphunzira ntchito ku Domasi n'kukaphunzitsa ana pansi pa mtengo, nkhani zawo zili m'mitu mwawo mokha, ndipo tsiku la maliro awo zimakwiriridwa nawo limodzi.

Choyamba sankhani munthu mmodzi, ndipo musathamangire amene ali ndi dzina lalikulu m'banjamo. Sankhani amene akukumbukirabe bwino, amene amakonda kucheza, ndiponso amene mungathe kumawafikira kawirikawiri popanda kuwononga ndalama zambiri paulendo. Mukasankha, kapempheni chilolezo kwa eni akewo mwaulemu, mutakhala pansi, ndipo fotokozani momveka kuti mudzajambula mawu awo, mudzawalemba, komanso ndani amene adzawerenge. Musaiwale mwinimbumba. M'mabanja ambiri a Ayao, Alomwe ndi Anyanja a m'boma lino mtundu umatsata kuchikazi, ndipo mdzukulu akayamba kufunsafunsa za amene anafika poyamba pamudzi ndi amene anagawa minda, amalume ena amaganiza kuti akusonkhanitsa umboni wa mlandu wa malo kapena wa ufumu. Kukaikirana kotere kumatha mukawadziwitsa msanga, ndipo nthawi zambiri amalume omwewo ndi amene amadzakuuzani kumene kuli zithunzi ndi makalata akale. Gwirizananinso pachiyambi pomwe kuti zinsinsi za kusimba, kaya ndi za jando, nsondo kapena chinamwali, sizidzalowa m'bukumo. Mungathe kulemba kuti agogo anavinidwa chaka chakuti, kuti anatuluka atavala zotani ndiponso kuti kunaphikidwa chiyani, popanda kukhudza zimene mwambo umabisa.

Musanapite kukacheza nawo, tenganinso buku limodzi la mbiri ya munthu limene munalikonda, ndipo muliwerenge muli ndi pensulo m'manja. Onani pamene wolembayo anayambira nkhani yake, zaka zimene anangodumpha ndi chiganizo chimodzi, ndi tsiku limodzi limene analipatsa masamba khumi. Mudzapeza kuti zimene zinakukhalirani mumtima ndi tinthu tating'onoting'ono, monga fungo la chipinda, mtengo wa buledi kapena mawu amene mayi ake ananena pakhomo. Tinthu totere ndi timene mukukafuna kwa agogo anu.

Zipangizo zake ndi zochepa: foni yotha kujambula mawu, kope lachikuto cholimba ndi zolembera ziwiri. Dzazani batire usiku wake chifukwa magetsi sadalirika, ndipo pojambula zimitsani netiweki kuti munthu asakuimbireni nkhani ili pakati. Foniyo iikeni pa kansalu pafupi ndi wolankhulayo, kutali ndi wailesi, chigayo ndi khola la nkhuku. Mvula ikamagwa pa malata palibe chimene chimamveka mukadzamvetsera pambuyo pake, choncho miyezi ya pakati pa Meyi ndi Okutobala ndi yabwino, anthu atakolola ndipo mitima ili m'malo. M'nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi dikirani dzuwa likwere kuti muzicheza akuwothera panja. Nthawi iliyonse mukayamba kujambula, tchulani tsiku, mudzi, mfumu yaikulu ya deralo ndi dzina la amene akulankhula. Ola limodzi ndi lokwanira pa tsiku, pakuti munthu wachikulire akatopa amayamba kungovomera chilichonse kuti mumusiye.

Kafunsidwe ndiye pagona ntchito yonse. Mukanena kuti, “Agogo, tandiuzeni mbiri yanu,” adzakuyankhani m'ziganizo zitatu kuti anabadwa, anakwatiwa, anabereka ana asanu ndi atatu, basi. Funsani za chinthu chimodzi chogwirika. “Anganga, muli mtsikana madzi munkatunga kuti, nanga munkapita ndi yani?” “Nsapato zoyamba anakugulirani ndani?” “Pa ukwati wanu ankhoswe anali ndani, nanga agogo aamuna atabwera kuchikamwini anapatsidwa ntchito yanji?” “Okhometsa msonkho akafika m'mudzi, amuna ankatani?” Funso lotere limatsegula chitseko cha tsiku lenileni, ndipo tsikulo limakoka anthu, nyimbo ndi mikangano imene inu simukanadziwa kuifunsa. Akayamba kusimba, mawu anu akhale ochepa, ongokwanira kuwakankhira patsogolo, monga “Ndiye zinatha bwanji?” kapena “Analipo ndani?” Akakhala chete musafulumire kuponya funso lina. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kawirikawiri nkhani yolemera imatuluka pambuyo pa kachetechete wotalika, munthu atalimbana ndi mtima wake n'kusankha kunena.

Musawadule mawu pofuna kuwakonza, ngakhale mutadziwa kuti chaka chimene atchula ndi cholakwika. Lembani chizindikiro m'kope mwanu kuti mudzafufuze pambuyo pake. Asiyeni alankhule chinenero chimene chabwera pakamwa. Agogo ambiri kuno amayamba nkhani m'Chichewa, koma akafika pa mawu amene mayi awo anawauza amalowa m'Chiyao kapena m'Chilomwe, ndipo mawu amenewo muyenera kuwasunga momwe anatulukira, n'kudzawamasulira pambali. Apempheni aimbe nyimbo za pamtondo, za kumunda kapena za kusukulu, chifukwa nyimbo imakumbutsa zimene funso silingakumbutse. Pa macheza oyamba khalani awiriwiri. Pakakhala gulu, adzukulu amaseka, ana aamuna amatsutsa, ndipo agogo amasankha nkhani zosavuta zokhazokha. Tsiku lina mungathe kuitana mchemwali wawo kapena mnzawo wa paubwana, ndipo mudzaona mmene awiriwo amakumbutsirana mayina. Ngati miyendo yawo ikulola, yendani nawo kumalo enieniwo: kubwinja kumene kunali mudzi wakale, kudooko la m'mbali mwa Likangala, kapena pamalo pamene panali sitolo ya Mmwenye.

Vuto limene mudzakumana nalo msanga ndi la zaka. Anthu ambiri obadwa nthawi ya atsamunda analibe chikalata cha kubadwa, ndipo chaka chimene chili pa chiphaso cha unzika, chimene anthu ambiri analembetsa mu 2017, nthawi zina chinali chongoyerekeza. Njira yake ndi kumangirira moyo wa munthuyo ku zochitika zimene chaka chake chimadziwika. Kwa anthu a ku Zomba chochitika chachikulu ndi chigumula cha mu Disembala 1946, pamene mvula yamphamvu inagumula mbali za phiri, madzi ndi miyala n'kutsikira m'tauni, kukokolola milatho ndi kupha anthu. Patangopita zaka zochepa kunagwa njala ya 1949, imene inasautsa kwambiri chigawo cha kummwera. Ngati agogo akunena kuti pa njala imeneyo ankabereka mng'ono wawo kumbuyo koma anali asanathe msinkhu, mungayerekeze kuti anali ndi zaka za pakati pa 8 ndi 11, kutanthauza kuti anabadwa cha m'ma 1938 mpaka 1941. Polemba nenani poyera kuti ndi kuyerekeza, ndipo fotokozani mmene mwafikira pa chakacho.

Zikhomo zina zomangirirapo zaka zilipo zambiri. Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinayamba mu 1953 n'kutha mu 1963. Dr. Kamuzu Banda anabwerera kumudzi mu Julayi 1958, ndipo pa 3 Malichi 1959 boma la atsamunda linalengeza lamulo la nthawi ya chipwirikiti n'kumanga atsogoleri ambiri. Ufulu wodzilamulira unabwera pa 6 Julayi 1964. Ndalama nazo zimathandiza kwambiri: kwacha ndi tambala zinayamba mu 1971, choncho agogo akati nsalu ya ukwati anaigula ndi masheleni, ukwatiwo uyenera kuti unachitika chakacho chisanafike, ngakhale muyenera kusamala chifukwa anthu anapitiriza kuwerengera ndalama m'mapaundi pakamwa kwa zaka zambiri ndithu. Amene anapita kumigodi kudzera ku Wenela, bungwe limene linkalemba anthu ntchito za kumigodi ya ku Joni, adzakumbukira ngozi ya ndege ya ku Francistown, ku Botswana, mu 1974, imene inapha Amalawi ambiri ochokera kumigodi ndipo inachititsa boma kuimitsa ulendowo. Chancellor College inasamukira ku Chirunga mu 1973, likulu la dziko linachoka ku Zomba kupita ku Lilongwe mu 1975, kalata ya maepiskopi a Katolika inawerengedwa m'matchalitchi mu Malichi 1992, ndipo riferendamu inachitika pa 14 Juni 1993. Chenjerani ndi zinthu zimene zinachitika kangapo. Nyanja ya Chilwa inaphwa mu 1968, inaphwanso mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu inaumanso. Msodzi akati mwana wake anabadwa chaka chimene anthu ankayenda pansi kupita ku chilumba cha Chisi, mufunseni amene ankalamulira dziko nthawiyo. Chimodzimodzinso ndi njala, pakuti ya 1949 ndi ya 2002 zimasokonekera mosavuta m'kamwa mwa munthu amene anaziona zonse.

Mukatero funani mapepala. M'masutikesi akale mumapezeka makhadi a ubatizo, malisiti a msonkho, makhadi a chipani, ziphaso za kumigodi, mendulo za usilikali ndi makalata ochokera ku Salisbury (Harare wa lero) kapena Johannesburg. Jambulani chilichonse kutsogolo ndi kumbuyo komwe, ndipo mubweze kwa mwini wake tsiku lomwelo. Mipingo yakale, monga ya ku Domasi ndi ku Malosa, inkalemba maubatizo ndi maukwati m'mabuku, ndipo mukapempha mwaulemu kwa abusa kapena ansembe mungathandizidwe. Ife a ku Zomba tili ndi mwayi woti nyumba yosungira zolembedwa zakale za dziko lino, National Archives of Malawi, imene inayamba mu 1947, ili mumzinda mwathu momwemuno. Kumeneko kuli malipoti a maboma, nyuzipepala zakale ndi makalata a boma. Dziwani kuti moto umene unatentha maofesi a boma ku Zomba mu 1919 unawononga zolembedwa zambiri za zaka za m'mbuyo mwake, choncho za nthawi ya nkhondo ya John Chilembwe mu 1915 ndi za kale kuposa apo sizipezeka zonse. Dziwaninso kuti mapepalawa analembedwa ndi olamulira, amene kawirikawiri sankatchula mayina a anthu wamba, ndipo ankaona thangata ndi msonkho ndi maso a wolandira. Musayembekezere kukapezamo dzina la agogo anu. Chimene mungapeze ndi umboni wa chaka, mtengo wa chimanga, dzina la esiteti kapena la mfumu. Pitani ndi funso limodzi lomveka bwino, ndipo yambani mwafunsa malamulo awo a kawerengedwe ndi kajambulidwe ka mapepala. Pepala likasemphana ndi mawu a agogo, lembani zonse ziwiri ndipo musonyeze gwero la chilichonse.

Tsopano tifike pa gawo limene olemba ambiri ophunzira amalakwitsa, limenenso inu okonda nkhani zamatsenga mungalichite bwino kuposa ena. Mukafunsa za chigumula cha 1946, agogo sadzakuuzani za kuchuluka kwa mvula. Adzati kunadutsa Napolo, chinjoka chachikulu chokhala pansi pa phiri, chimene chikafuna kusamuka chimang'amba nthaka n'kutsetsereka ndi madzi, miyala ndi mitengo kulowera kunyanja. Ena adzati usiku wake kunamveka kulira ngati kwa ng'oma m'kati mwa phiri. Zomwezi zinanenedwa ku Phalombe mu Malichi 1991, ndipo zinamvekanso pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Wolemba wina amachita manyazi n'kuchotsa zonsezi, n'kulemba chabe kuti kunagwa mvula yambiri ndipo dothi la m'malo otsetsereka litakhuta madzi linagumuka. Zimenezo ndi zoona, koma akatero wachotsa munthu amene amafuna kumulembayo, pakuti mantha amene mtsikana wa zaka zisanu ndi ziwiri anali nawo usiku umenewo anali mantha a Napolo. Wolemba wina amachita zosiyana: amakometsera nkhaniyo ndi mapiko, moto wa m'kamwa ndi zina zimene anawerenga m'mabuku a kunja, mpaka Napolo wa ku Zomba n'kusanduka chilombo cha dziko lina. Ameneyu wanamizira agogo ake.

Njira yabwino ndi kulemba chodabwitsacho m'mawu a mwini wake, ndendende monga anachinenera, popanda kuchiseka kapena kuchiwonjezera. Ngati mukuona kuti owerenga akufunika kudziwa za mvula ndi dothi, ikani kandime kanu kapadera kamene aliyense angazindikire kuti akulankhula ndinu. Pofunsa, gwiritsani ntchito zimene mabuku a nkhani zopeka anakuphunzitsani. Mukudziwa kuti dziko lamatsenga limakhutiritsa owerenga likakhala ndi malamulo ake: mphamvu ili ndi mwini, ili ndi malire, ndipo woswa lamulo amalipira. Zikhulupiriro za makolo athu nazonso zili ndi malamulo otere, ndipo agogo amawadziwa, kungoti palibe amene amawafunsa. Afunseni kuti ndani angathe kuona Napolo n'kukhalabe ndi moyo, ngati pali chizindikiro chimene chimayamba kuoneka, chimene chimamukwiyitsa, ndiponso chimene akuluakulu ankachita akadutsa. Afunseni za nsembe zopempha mvula: ankathira pansi pa mtengo wanji, ankatsogolera ndani, ankaphika chiyani, ndipo ndani sankaloledwa kufikapo. Afunseninso kuti iwo eni anaona ndi maso, anamva kwa amene anaona, kapena ndi nkhani imene inkangokambidwa m'mudzi. Magulu atatuwa ndi osiyana, ndipo akuluakulu amawasiyanitsa bwino lomwe akafunsidwa. Amasiyanitsanso zimenezi ndi nthano za madzulo zoyamba ndi “Padangotero,” ana n'kumayankha kuti “Tili tonse,” zimene aliyense ankadziwa kuti ndi zopeka. Nthano zoterozo zipatseni mutu wakewake m'bukumo, pamodzi ndi nyimbo zake. Za malo ngati dzenje la Chingwe pamwamba pa phiri mudzamva nkhani zosiyanasiyana za anthu amene ankaponyedwamo, ndipo ntchito yanu ndi kulemba kuti iyi ndi mmene anaimvera agogo anu kuchokera kwa uje, popanda kuisakaniza ndi zimene amauzidwa alendo okaona malo.

Mukamamva zonsezi, mtima wofuna kupeka nkhani yanuyanu udzakugwirani, ndipo ndi chinthu chabwino. Gulani kope lachiwiri. M'menemo mungapeke dziko lonse la pansi pa phiri, mafumu ake ndi nkhondo zake, mmene mungafunire. Kope la agogo likhale la mawu a agogo okha.

Pali malire amodzi amene sindifuna kuti muwadumphe. Nkhani za ufiti zimabwera ndi mayina a anthu enieni, ena amoyo, ena amene ana awo mumapemphera nawo limodzi. Agogo akanena kuti mwana wawo analodzedwa ndi uje, kapena kuti wakutiwakuti ankasunga ndondocha m'nyumba, dzina limenelo lisalowe m'buku. Lamulo la dziko lino lokhudza ufiti, la mu 1911, limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Choposa lamulolo ndi chakuti m'dziko muno okalamba akhala akumenyedwa ngakhale kuphedwa chifukwa cha mphekesera zotere, ndipo mu 2017 mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu m'maboma oyandikana nafe a Mulanje ndi Phalombe. Mawu olembedwa amakhala nthawi yaitali ndipo amafika kumene inu simunafike. Lembani za chisoni cha agogo, za matenda a mwanayo mmene anayambira, za ulendo wa kwa sing'anga ndi wa kuchipatala, ndiponso kuti banja linakhulupirira kuti pali dzanja la munthu. Pamenepo imani.

Kusamala komweku kukufunika pa nkhani za ulamuliro wa chipani chimodzi. M'mudzi umodzi munali amene ankagulitsa makhadi a chipani mokakamiza ndi amene ankamenyedwa chifukwa chokana kugula, monga a Mboni za Yehova, amene chipembedzo chawo chinaletsedwa mu 1967 ndipo ambiri anathawira kunja. Mwina agogo anu anali mbali ya ozunzidwa, mwinanso anali a Payoniya, gulu la achinyamata a chipanicho, kapena ankavina pamaso pa Kamuzu mokondwa ndithu. Musawaweruze pamene akusimba, ndipo musawakakamize kunena zimene sakufuna. Akalira, zimitsani foni, khalani nawo, ndipo afunseni tsiku lina ngati akufuna kupitiriza. Mayina a anthu amene akuwanena zoipa mungawasinthe, koma nenani kumayambiriro kwa buku kuti mayina ena asinthidwa.

Kusandutsa mawu ojambulidwa kukhala olembedwa ndi ntchito yotopetsa, pakuti ola limodzi la kucheza limadya maola angapo polemba. Chitani zimenezi sabata yomweyo, mukukumbukirabe nkhope yawo ndi zimene ankaloza ndi dzanja. Poyamba lembani zonse monga zinanenedwera. Kenako sankhani amene adzalankhule m'bukumo. Ine ndimakonda kuti alankhule agogo eni ake, kunena kuti “ndinabadwa,” “ndinapita,” chifukwa mphamvu ya mabuku a mbiri ya munthu imachokera pa kumva liwu la mwini nkhani. Zikatero dzina lawo ndi limene likhale pachikuto, lanu likhale pansi ngati amene munalemba mawuwo. Mungachotse zobwerezabwereza ndi kusuntha ndime kuti nkhani iyende bwino, koma musawaveke Chichewa cha m'kalasi chimene sanalankhulepo. Ngati amati “anganga” musasinthe kukhala “agogo,” ndipo miyambi yawo, maina a mbewu, a nsomba ndi a zida zakale zisiyeni momwemo.

Simukakamizidwa kuyambira pa kubadwa. Mungayambe ndi tsiku limene moyo wawo unatembenuka, monga tsiku limene anakwera lole yopita kumigodi kapena usiku wa chigumula, kenako n'kubwerera m'mbuyo. Kugawa mitu motsata malo amene anakhalako kumathandiza pamene zaka sizikudziwika bwino: kumudzi kwa amayi awo, kuesiteti ya fodya, ku Chinamwali kapena ku Sadzi atasamukira m'tauni, kenako kubwerera kumudzi. Mitu ina idzakhala yaitali, ina ya tsamba limodzi, ndipo zimenezo zisakudetseni nkhawa.

Mukamaliza, kawawerengereni mokweza mutu uliwonse. Apa ndi pamene adzakuuzani kuti mwasokoneza mayina a azakhali awiri, kapena adzakumbukira nkhani yaikulu imene anaiwala. Ali ndi ufulu wochotsa chilichonse, ngakhale ndime imene inu mumaikonda kwambiri, ndipo akati ina idzawerengedwe iwo atapita, lemekezani zimenezo. Musadikire kuti zonse zikhale bwino kwambiri musanawaonetse, chifukwa zaka zawo sizidikira.

Kusindikiza sikufuna ndalama zambiri ngati cholinga ndi banja. M'tauni muli malo otayipa, kuchita fotokope ndi kumanga mabuku, ndipo makope khumi ndi okwanira poyambira. Loyamba lipite kwa agogo, lachiwiri kwa mwinimbumba, ena kwa abale a kutali. Musanatumize pa WhatsApp kapena kuika pa Facebook funsaninso chilolezo, popeza kuvomera kuti adzukulu awerenge n'kosiyana ndi kuvomera kuti dziko lonse liwerenge. Mawu ojambulidwa asungeni m'malo awiri osiyana, monga pa kompyuta ndi pa imelo, chifukwa foni imabedwa kapena kugwera m'madzi. Pansi pa chithunzi chilichonse lembani mayina a anthu kuyambira kumanzere, malo ndi chaka. Ngati mudzafune kuligulitsa bukulo kwa anthu onse, kumbukirani kuti lamulo limafuna kuti buku losindikizidwa m'dziko muno liperekedweko ku National Archives, ndipo gwirizanani ndi banja za ndalama zake zisanayambe kubwera. Patsamba loyamba lembani dzina lonse la agogo, mfunda wawo, mudzi, mfumu yaikulu, masiku amene munacheza nawo ndi zinenero zimene analankhula. Kumapeto siyani masamba angapo opanda kanthu, ndipo pemphani wachibale aliyense amene ali ndi chokonza kapena chowonjezera kuti alembe pamenepo, asaine dzina lake ndi kuika tsiku.